Kamera ya Zala Zitatu

Gerevazio Mpatsa anataya zala ziwiri ku macheka a m'phiri la Dedza m'chaka cha 1979. Linali dzanja lamanja. Thabwa la paini linakana kuyenda, iye n'kulikankha, ndipo pamene anzake amazimitsa injini, chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali zitagwera kale mu utuchi. Anagona m'chipatala milungu itatu. Atatuluka, akapitawo anamuuza kuti ngati akufuna atha kumalondera pageti. Anagwira ntchitoyo miyezi inayi n'kuisiya. Sankapirira kuona anzake akudutsa m'mawa uliwonse, aliyense akumupatsa moni wachisoni.

Kumunda ankapita, koma khasu linkamupulumuka. Jestina, mkazi wake, ndiye anasenza dimba la kachewere ndi kabichi, akuthandizana ndi mwana wawo woyamba, Victoria. Gerevazio ankangonyamula matumba ndi kuthirira. Dzanja lija ankalibisa m'thumba la jekete, ngakhale kukutentha.

Tsiku lina anatsikira kuboma kukajambulitsa chithunzi choti achimate pa kalata ya kuchipatala. Situdiyo inali imodzi yokha, kuseri kwa msika, ya bambo wina wachikulire dzina lawo Che Idrisa. Podikira, Gerevazio ankayang'ana zithunzi zomata pakhoma, ndipo mosaganiza anayankhula mokweza.

"Mkwatibwi uyu wamera mtengo pamutu."

Che Idrisa anatembenuka, n'kukankhira magalasi awo pamphuno. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anaphulika kuseka.

"Chakhala pamenepo zaka zitatu. Eni ake sanaone, ine sindinaone. Inu maso muli nawo, achimwene. Munagwirapo kamera?"

"Ayi."

"Tayesani."

Anamupatsira kamera yakuda. Gerevazio anatulutsa dzanja m'thumba mwamanyazi. Che Idrisa analiona. Anamulozera batani lojambulira pamwamba, lomwe anthu amalidina ndi chala chamkombaphala. Anamulozeranso kachitsulo kopukusira filimu, komwe amakakankha ndi chala chachikulu akangojambula chithunzi chilichonse. Zala zonse ziwiri zofunikazo n'zimene panalibe. Gerevazio anayesa kukankha kachitsuloko ndi chikhatho, kamera n'kutsetsereka. Anaiwakha itatsala pang'ono kufika pansi.

"Pepani," anatero, akuibweza. "Si yanga imeneyi."

"Dikirani kaye."

Mkuluyo analowa kuchipinda, n'kubwera ndi chinthu chokulungidwa m'nsalu yakale. Chinali chitsulo chakuda chotalika ngati kamera yomweyo, chokhala ndi nyanga yogwirira mbali imodzi, ndi batani lakelake pamwamba pa nyangayo. Anachimanga kunsi kwa kamera ndi sikuluwu.

"Ichi ndi chogwirira cha mabatire. Anandibweretsera mphwanga kuchokera ku Joni. Akuti ojambula mpira kumeneko ndicho amagwiritsa. Ine ndinachiyesa tsiku limodzi, n'kuchiponya m'kabati. N'cholemera ngati njerwa, khosi limachita kuwawa. Mabatire chimameza asanu ndi atatu. Ndiye mukaiwala chala pabatani, filimu yonse imatha musanameze n'komwe malovu. Komanso phokoso. Koma chimapukusa chokha filimu. Tagwirani."

Gerevazio anakulunga zala zake zitatu pa nyanga ija. Zinakwana ngati anachita kuyeza. Kulemera kuja kunakhazikika pachikhatho, dzanja lamanzere n'kugwira galasi la kutsogolo. Anadina ndi chala chapakati. Tswii-kha! Kamera inajambula, n'kudzipukusa yokha.

Anadinanso. Tswii-kha!

"Mulibe filimu m'menemo, dinani mmene mungathere," anatero Che Idrisa. "Mverani. Miyendo yanga yatha. Anthu amandiitana ku maukwati ndi maubatizo kumidzi ya kumtunda, ine osatha kukwera. Ndipo m'tchalitchi mwanumo ndikalowa, sindidziwa nthawi yogwada ndi yoimirira. Inu muzikajambula, ine ndizitsuka."

Umo ndi mmene Gerevazio anayambira.

Zonse zimene mkulu uja ananena zinapezeka zoona. Ukwati woyamba, ku Linthipe, anamaliza filimu mkwatibwi asanalowe n'komwe m'tchalitchi. Zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi za azimayi akuyala zitenje panjira. Che Idrisa anazipachika pachingwe, nsidze zawo zili m'mwamba. Gerevazio anakhala mlungu wathunthu akuphunzitsa chala chake kugunda batani n'kudzuka msanga, ngati munthu woyesa kutentha kwa mbaula. Pa ubatizo wina, tchalitchi chili zii, kamera inalira, ansembe n'kuima m'kati mwa pemphero kumuyang'ana. Kuyambira pamenepo ankadikira kuti kwaya iyambe kuimba. Chifukwa cha phokosolo, ana a m'mudzi anam'patsa dzina loti a Chigayo.

Pageti la msika, anyamata oona makhadi a chipani anamuimitsa tsiku lina. Khadi anali nalo, koma iwo maso anali pa chitsulo chija.

"Ichi n'chiyani? Si wailesi yoyankhulira ndi anthu akunja?"

Anawatsegulira, n'kuwaonetsa mabatire. Sanakhutire mpaka atawajambula onse atandanda pamzere, manja kumbuyo. Atawapatsa chithunzi chawo mlungu wotsatira, anayamba kumamutsegulira njira akangomva kuti a Chigayo akubwera.

Chovuta kwambiri chinali chisanu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, nkhungu ikatsika m'phiri, mabatire ankafooka, chogwirira n'kumalira mwaulesi ngati mbuzi yodwala, kenaka n'kuima. Kwa munthu wina sizikanavuta, akanangomasula chitsulocho n'kupukusa ndi chala. Kwa iye, mabatire akafa ndiye kuti ntchito yathera pomwepo. Jestina ndiye anapeza nzeru. Anasoka kathumba ka ubweya kokhala ndi chingwe, koti mabatire azikhala kukhwapa, m'kati mwa malaya, mpaka nthawi yojambula.

Koma zithunzi zake zinali zina. Kulemera kuja kunkaletsa kamera kunjenjemera, ndiye zinkatuluka zoyera bwino ngakhale m'nyumba za mdima. Ndipo pamene ojambula ena ankaimika anthu ngati asilikali, iye ankawagwira akuyenda: mwana akuyetsemula madzi a ubatizo, nkhalamba ili m'mwamba pa gule, mkwati akupukuta misozi akuyesa kuti palibe akumuona. Anthu ankabwera ku situdiyo kudzangoona. Dzanja lija analeka kulibisa. Ankayenda kamera ili pachifuwa, zala zitatu zili pa nyanga, akupereka moni ndi mutu.

Mu Juni wa 1983, Victoria anali mu Sitandade 8, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anali wamtali, wa miyendo yowuma, ndipo kuyambira ali wamng'ono ankakwera phiri chothamanga popita ku nkhuni. Pasukulu pake panalibe mtsikana womupeza. Aphunzitsi anamusankha kuti akathamange pa mpikisano wa sukulu zonse za m'boma la Dedza, wozungulira bwalo kawiri. Wopambana amayenera kupita ku Lilongwe kukapikisana ndi a maboma ena. Victoria anali asanafikeko ku Lilongwe. Usiku ndi usana nkhani inali yomweyo.

Linali Loweruka. Kunacha ndi nkhungu yoti munthu ataima pagolo lina samaona golo linzake. Gerevazio anali ndi filimu imodzi yokha, mabatire ali kukhwapa. Wapampando wa chipani anafuna chithunzi akutsegulira mwambo. Anamujambula kawiri, n'kubweza mabatire kukhwapa, n'kubisa kamera m'jekete. Akuluakulu ena anakodola, iye n'kumayang'ana kumbali. Filimu yotsalayo inali ya mwana wake.

Pofika cha m'ma teni dzuwa linaboola nkhungu. Atsikana khumi ndi awiri anandanda pamzere, opanda nsapato, atavala mayunifolomu awo ofika m'mawondo. Gerevazio anaikanso mabatire ofunda aja m'chogwirira, n'kukagwada pafupi ndi pomalizira, pomwe aphunzitsi awiri anagwira chingwe cha ubweya mbali ndi mbali. Jestina anaima kumbuyo kwake atagwira pakamwa.

Wezulo inalira. Ulendo woyamba wozungulira bwalo, Victoria anali kutsogolo yekha, akuponya miyendo ngati sakutopa. Ana a sukulu yake ankaimba dzina lake. Koma ulendo wachiwiri, pokhota komaliza, kunatulukira kamtsikana kakafupi, kovala mpango woyera kumutu, kochokera ku sukulu ina ya ku Chimbiya. Kankathamanga mutu uli pansi, zigongono zikugwira ntchito. Kanadutsa wachitatu, kanadutsa wachiwiri, n'kufika paphewa la Victoria.

Gerevazio anadina batani ndipo sanachotse chala. Tswii-kha, tswii-kha, tswii-kha. Kamera ikamajambula motero, diso la wojambula limaona kuwala ndi mdima mosinthanasinthana, ndiye iye sanaone bwinobwino chimene chinachitika. Anangomva bwalo lonse likuphulika, filimu n'kutha, chogwirira n'kuima.

A Dominiko, mphunzitsi woyang'anira masewero a tsikulo, anathamangira pamalopo. Ogwira chingwe anayang'anana. Wina anati Victoria, winayo anati sanaonetsetse. A Dominiko anagwira dzanja la Victoria n'kulikweza m'mwamba. Mphunzitsi wa ku Chimbiya anatsutsa, akuloza kamtsikana kaja, komwe anati dzina lake ndi Hawa, koma mawu ake anamira m'nthungululu. Anthu ambiri pabwalopo anali a kufupi konkuno. Hawa anakhala pansi pa udzu wonyowa, n'kuphimba nkhope ndi mpango.

Kunyumba Jestina anapha tambala. Anansi anabwera kudzagwira dzanja la Victoria, ndipo Gerevazio anauza aliyense kuti adikire zithunzi.

"Mudzaona nokha. Ndamugwira phazi lililonse."

Lolemba m'mawa anali kale pakhomo la situdiyo. Che Idrisa anatsuka filimu, n'kuiyanika, ndipo cha kumasana awiriwo anadzitsekera m'kachipinda kamdima, kounikira ndi babu lofiira. Mkuluyo anasankha zithunzi za kumapeto, n'kuyamba kuziviika m'mbale ya mankhwala chimodzichimodzi.

Choyamba chinatuluka pang'onopang'ono papepala loyera. Victoria ali patsogolo ndi theka la phazi, mapazi onse awiri ali m'mwamba, chingwe chili pafupi.

"Eee!" anatero Che Idrisa. "Mwana akuuluka uyu."

Chachiwiri chinatuluka. Victoria anali atatembenuza mutu. Ankayang'ana molunjika m'kamera, pakamwa pakuyamba kumwetulira. Phewa lake linali litabwerera m'mbuyo.

Pa chachitatu, chingwe chinali chitapindika pachifuwa cha Hawa. Pakati pa chingwecho ndi chifuwa cha Victoria panali mpata wokwana chikhatho cha munthu.

M'kachipindamo munangomveka madzi akudontha. Gerevazio anatenga chithunzi chachiwiri chija ndi zala zake zitatu, chikadali chonyowa, n'kuchiyandikitsa kubabu.

"Anandimva," anatero. "Anamva chigayo changachi, n'kucheuka."

Che Idrisa anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Achimwene, muno tilimo awiri. Mafilimu amapsa. Chaka chino apsa kangati? Anthu akafunsa, tinganene kuti munalowa kuwala. Kapena tingawapatse choyambachi, n'chokongola. Nkhani inatha kale Loweruka, palibe amene wakufunsani umboni."

"Inuyo mukanatani?"

"Musandifunse zimenezo. Mwana si wanga."

Gerevazio anaika chithunzi chija pafupi ndi zinzake.

"Zikulitseni zonse zitatu," anatero. "Zotsalazo ndikaganiza panjira."

Panjira sanaganize kanthu. Anakwera chitunda kamera ikumukoka khosi kuposa masiku onse. Atafika, anapeza Jestina akusankha kachewere pakhonde, n'kumupatsira envelopu. Jestina anayang'ana zithunzizo kamodzi, kawiri, kenaka anazibweza m'envelopu mofulumira ngati zikuotcha.

"Bambo a Victoria, izi mwana asazione."

"Nanga anthu onse ndinawauza aja?"

"Anthu ndi anthu, adzaiwala. Mwana wachapa kale diresi la ku Lilongwe. Mwamulakwira kamodzi ndi chitsulo chanucho, mukufuna mumulakwire kawiri?"

"Ndikamubisira ndiye kuti sindinamulakwire?"

"Ine sindikudziwa. Koma mukatengera zimenezi kwa aphunzitsi, m'nyumba muno simudzakhala mtendere."

"Kwa aphunzitsi sindipita. Ndingomuonetsa mwini wake."

Sanadziwe kuti mwini wakeyo anali ataima pakona ya nyumba, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Victoria anatula nkhunizo, n'kupukuta manja padiresi.

"Mundionetse chiyani, bambo?"

Gerevazio anayala zithunzi zitatu zija pamphasa motsatana. Mtsikanayo anagwada. Pa choyamba anamwetulira. Pa chachiwiri kumwetulira kunatha. Pa chachitatu anakhala nthawi yaitali, n'kuika chala pa mpata uja ngati akufuna kuutseka.

"Ndinakumvani," anatero motsitsa mawu. "Phokoso lonse lija, ine ndinamva inu. Ndimafuna muone nkhope yanga."

"Kulakwa n'kwanga, mwana wanga. Sindikanayenera kugwada pafupi chotero."

"Ndani wina waona?"

"Che Idrisa, mayi ako, ndi ine. Ukafuna, zithera pamphasa pompano. Sindiuza munthu."

Victoria anadzuka, n'kuyamba kuthamanga kulowera kunjira ya kuphiri. Jestina anafuna kumutsatira, Gerevazio n'kumugwira mkono. Anabwera dzuwa likulowa, maso ali ofiira, n'kukagona osadya. Madzulo omwewo Gerevazio anamasula chogwirira kunsi kwa kamera, n'kuchiponya m'dengu la zitsulo zakutha kuseri kwa chitseko.

M'mawa mwake envelopu panalibe pawindo pomwe anaisiya. Jestina anati mwana watuluka msanga, atavala yunifolomu, koma sanalowere njira ya kusukulu kwake, watsikira kuboma. Gerevazio anavala jekete n'kutsatira. Anamuona patali akulowa pa sukulu yomwe a Dominiko ankaphunzitsa. Iye sanalowe. Anaima kunja, pafupi ndi windo la ofesi lomwe linali ndi galasi losweka, ndipo mawu ankamveka bwinobwino.

"Akutuma ndi bambo ako?" anafunsa a Dominiko.

"Ayi, aphunzitsi. Sakudziwa n'komwe kuti ndatenga."

Panadutsa nthawi, mapepala akukhwekhwereza patebulo.

"Mwana iwe, ukudziwa chimene ukuchita? Kalata ya mayina ikupita Lachisanu. Dzina lako ndalemba kale. Ine ndinakweza dzanja lako pamaso pa anthu onse, ndipo palibe amene angandifunse. Mpata wake ndi uwu, waung'ono chonchi."

"Ndi waung'ono, koma ulipo."

"Ku Lilongwe sukufuna?"

"Ndikufuna kwambiri." Mawu a Victoria analimba. "Koma ndikakaima pamzere kumeneko, ndizikadziwa kuti malowo ndi a Hawa. Miyendo ikalemera. Iye sanacheuke, ndinacheuka ndine."

Gerevazio anagwira khoma. Anazindikira kuti akumwetulira yekha ngati wamisala, misozi ikutsika. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti anamuyang'ana modabwa. Iye anamulozera windo.

"Mwana wanga ali m'menemo," anatero. Mayiyo sanamve tanthauzo lake, koma anagwedeza mutu.

A Dominiko anasintha dzina. Anachita kukwera basi okha kupita ku Chimbiya kukapepesa kwa mphunzitsi uja, atanyamula chithunzi chachitatu.

Sikuti aliyense anakondwa. Ahedi a sukulu ya Victoria anamuitana n'kumufunsa chifukwa chake sanayambe wabwera kwa iwo. Anzake ena ankamuseka, akumacheuka mokokomeza akamadutsa pafupi naye. M'mudzi munamveka zoti a Chigayo agulitsa mwana wawo yemwe chifukwa chofuna kutchuka ndi kamera. Jestina anayankhana ndi azimayi awiri pachitsime, ndipo anabwerako mtsuko uli theka.

"Ndawauza," anatero, akutula mtsukowo mwaukali. "Ndati abereke kaye wawo wotere, ndiye adzayankhule."

Victoria ndi bambo ake ankangopatsana moni. Tsiku limene a mpikisano ananyamuka kupita ku Lilongwe, iye anakhala kudimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Gerevazio naye sanatsikire kuboma milungu iwiri. Che Idrisa anatumiza uthenga kuti kuli ukwati ku Linthipe Loweruka likudzalo, iye n'kuyankha kuti apeze wina. Popanda chogwirira, kamera inali chitsulo chabe m'manja mwake. Anayesa kupukusa ndi dzanja lamanzere, koma pofika poti wakonzeka, nkhuku yomwe amayeserapo inali itapita kale.

Lachinayi masana, ali pakhonde, Victoria anatuluka m'nyumba atanyamula chogwirira chija. Anali atachipukuta fumbi. Anachiika pamwendo pa bambo ake.

"Mangani."

"Chinakulanda ulendo ichi."

"Chinajambulanso choyamba chija. Ndikuchifuna chimenecho, chachikulu, cha m'felemu." Anakhala pansi n'kutambasula miyendo. "Chaka chamawa ndikakhala kusekondale ndidzathamanganso. Inu mudzaime pokhota paja, kumbuyo kwa anthu, osati pachingwe. Ndipo mukadzaona ndikucheuka, mudzandikalipire."

Gerevazio anamanga sikuluwu ija. Ku ukwati wa ku Linthipe anapita.

Patatha mwezi, Lamlungu masana atabwera kutchalitchi, pakhomo panaima njinga. Woyendetsa anali bambo woonda, wovala mkanjo ndi kofiya, thukuta lili chuchuchu chifukwa cha chitunda. Kutsogolo anamangirira kathumba ka anyezi, ndipo pakaliyala panatsika mtsikana wa mpango woyera.

"Odi kuno! Ndi pano pa a Mpatsa ojambula?"

"Ndi pano, fikani."

Anati dzina lawo ndi Che Saidi, amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu ku Chimbiya, ndipo Hawa ndi mwana wawo. Jestina anayala mphasa, n'kuika madzi a tiyi pamoto. Atalonjerana, Gerevazio anafunsa ngati abwera kudzatenga chithunzi.

"Chithunzi tinachiona kale, aphunzitsi anabwera nacho. Musandimve molakwa, bambo, koma sindinabwerere inu. Ndabwera kudzaona mwana amene anachinyamula. Hawa atabwera kunyumba tsiku lija akulira kuti anapambana ndi iye, ine ndinamukalipira. Ndinati usamanamizire aphunzitsi. Mwana wanga yemwe sindinamukhulupirire. Ndiye ndamva kuti kuno kuli mwana wa eni ake amene anakamuyankhulira. Ndati ndikamuone ndi maso."

Victoria anatuluka, n'kugwada kupereka moni. Che Saidi anamugwira dzanja ndi manja awiri ndipo sanalisiye msanga.

"Ku Lilongwe mnzakoyu anakhala wachitatu," anatero. "Akuti kumeneko kuli atsikana othamanga ngati njinga yamoto."

"Anavala nsapato za misomali," anawonjezera Hawa, maso ali pansi. Aka kanali koyamba kuti a pakhomopo amve mawu ake.

"Za misomali?" anafunsa Victoria. "Sizibaya?"

"Misomali yake ili kunsi."

Atsikanawo anakhala kumapeto kwa mphasa, akunong'onezana pang'onopang'ono, kenaka mokweza. Hawa anafunsa komwe Victoria amaphunzirira kuthamanga. Victoria analoza kanjira kokwera pakati pa minda mpaka kukafika pomwe mitengo ya paini imayambira.

"Kuchokera pa mpanda uwu mpaka pa mwala waukulu uwo. Ungathe?"

"Kwathu kulibe chitunda chotere."

"Ndiye chifukwa chake ndikukufunsa."

Tiyi asanafike n'komwe, awiriwo anali atavula masilipasi n'kuima pampanda. Jestina anawawerengera, n'kuwomba m'manja. Ananyamuka, fumbi n'kutsala.

Abambo awiri aja anaimirira, manja ali pamphumi kutchinga dzuwa. Atsikanawo anadutsa dimba la kabichi, n'kubisika kuseri kwa nthochi, n'kutulukiranso kumtunda, akucheperachepera.

"Wapatsogoloyo ndi wanga," anatero Che Saidi.

"Ayi, taonetsetsani. Wa diresi lobiriwirayo ndi Victoria."

"Mpango ndikuuona ine. Uli patsogolo."

"Uli patsogolo chifukwa njira yakhota. Dikirani afike pamwala."

"Khalani pansi, tiyi azizira," anatero Jestina. Koma nayenso anali ataima chonyanyamphira, ketulo ili m'manja, akuyang'ana kuphiri.